A Chikopa ndi matumba a pa doko

Lachisanu lapitali chakwana chaka chimwalirire a Chikopa, koma ine mpaka lero mtima sunakhazikike. Ndikakhala pansi ndimafuna kuimirira, ndikaimirira ndimangozungulira m'chipinda ngati ndataya kanthu. Anzanga akuti matenda amenewa anandisiyira ndi iwowo, chifukwa mkulu ameneyo sankadziwa kukhala pansi. Ngakhale imfa inawapeza ali chiimire, masana dzuwa likuswa mtengo, akudikira basi ya kampani pamsewu wa kuno ku Al Mansoura, mu mzinda wa Doha. Mtima unangoima. Amene anali nawo pafupi akuti anatsamira khoma la sitolo ya mafoni n'kutsetserekera pansi pang'onopang'ono, moti poyamba onse ankayesa akumanga chingwe cha nsapato.

Tinkagona chipinda chimodzi, gulu la amuna pa mabedi osanjikizana, ndipo ine ndi iwo tinkalondera hotela imodzi ku Al Dafna. Anali wamkulu kwa tonsefe, imvi zili mbuu, mwakuti ejenti amene anawabweretsa kuno ayenera kuti anatsinzina powerenga zaka zawo. Asanabwere anali wojambula zithunzi ku Limbe, a njinga ndi kamera pakhosi aja, oyenda m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'masukulu. Mafoni atafika m'manja mwa aliyense ntchito yawo inatha ngati makatani, koma dzanja silinaiwale.

Munthu ameneyo sankatha kukuyang'ana osakukonza. Mukukamba nkhani ya maliro, iwo dzanja lili pa kolala yako. Ukudya, akukuuza kuti ukweze chibwano. Tiyi wa karaki ankamwa akuyenda, kuchoka pa chitseko kukafika pa zenera n'kubwereranso, m'chipinda choti ukatambasula mwendo waponda mnzako. Anthu odzijambula okha pafoni ankawanyoza, ati ali ngati munthu wodzimeta yekha, kunkhongo sakuonako. Ine ndi iwo tinkayambana pafupifupi tsiku lililonse pa nkhani ya katani. Ndikaweruka ndinkafuna mdima kuti ndigone, iwo ankafuna kuwala.

"Iwe Lameki, dzuwa n'laulere, ukulikaniziranji?"

"Madala, ndachokera ku duty. Ndisiyeni ndigone."

"Udzagona ukadzafa."

Ndikatseka katani, amvekere pwii kutsegula. Anali munthu wotopetsa, ndipo ndinkawakonda kwambiri.

Amalawi a mu Doha ankawadziwa chifukwa cha zithunzi za Lachisanu. Amene tapeza off tinkakumana m'mbali mwa nyanja, pamene nsanja za ku Al Dafna zimaonekera bwino, ndipo a Chikopa ankabwera ndi jekete imodzi yotuwa ndi tayi imodzi. Jekete imeneyo yavalidwa ndi alonda, madalaivala, otsuka mbale, wamfupi ndi wamtali yemwe. Wamfupi ankamupindira manja a jekete kumbuyo, wamtali ankamuuza kuti apise manja m'thumba. Nsapato za ntchito ankazidula, chithunzi chithere m'maondo. Amayi ogwira ntchito m'nyumba ankawabwereketsa kachikwama, n'kuwaonetsa kagwiridwe koti zala zosupuka ndi mankhwala otsukira zibisale kuseri kwake. Galimoto ya mwini ikaima pafupi, ankakuimika patali pang'ono, osaikhudza, koma woona aziyesa wangotsikamo.

"Yalla, yalla, fulumirani, imani apa. Osapuma. Maso kuno. Halasi, tatha, wina!"

Ankati chithunzi chopita kumudzi ndi mlendo, sichipita ndi litsiro. Ankatinso mayi wako sakufuna kudziwa kumene umagona, akufuna kugona tulo iyeyo. Tonse tinkagwirizana nazo. Zawo ankandijambulitsa ine, akundilalatira kuti ndapendeketsa nsanja, ndipo zonse zinkapita kwa mwana wawo Tadala ku Bangwe. Mayi ake a Tadala anamwalira kalekale, ndipo a Chikopa analibe wina padziko lino koma mtsikana ameneyo. Sanamuuzepo kuti ndi bwana. Anangosiya jekete ilankhule.

Ndiye tsiku lina m'mawa, tikuvala yunifolomu, Tadala anatumiza mawu pafoni. A Chikopa anawatsegula mokweza monga mwa chizolowezi chawo, kuti tonse timve mmene mwana wawo amalankhulira bwino.

"Adadi, ndapeza agent. Akuti ntchito za m'nyumba zilipo zambiri kumeneko, visa sichedwa. Ndikubwera tidzathandizane, inu mwakula."

A Chikopa anaima ndi sokosi imodzi m'manja. Iwo ndi amene ankabisa zala za amayi aja Lachisanu lililonse, ndipo ankadziwanso kuti amene amafika kunyanjako ndi amwayi, ena satuluka n'komwe pageti. Sikuti onse amazunzika, alipo amene anapeza mabwana a mtima wabwino. Koma zimenezo n'zamwayi, ndipo mwana mmodzi yekhayo sungamuponye pa mwayi. Anamuimbira tsiku lomwelo, mawa lake, mkuja wake. Ndinkawamva akupondaponda pakhonde, foni ili kukhutu.

"Kuno si kwabwino, mwanawe. Ndimvere."

"Nanga inu mukuwala bwanji, adadi? Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, munkatero ndinu."

Akati anene za kutentha, Tadala ankawatumizira chithunzi chawo chomwe ali mu jekete. Akati anene za kutopa, ankawatumizira china akuseka pafupi ndi galimoto yoyera. Masiku amenewo a Chikopa anasiya kudya bwino, ndipo kuyendayenda kwawo m'chipinda kunafika poti mmodzi wa ife anawapempha kuti azikayendera pamasitepe.

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono ndinene za chithunzi cha doko. Mu hotela yathu muli kanjira kopita kumalo odyera, ndipo m'makoma mwake anapachikamo zithunzi zakalekale za madoko a m'maiko osiyanasiyana, zongokongoletsera. Alendo amadutsa osaziyang'ana. A Chikopa ankaikidwa kawirikawiri kulondera kanjira kameneko masana, ndipo panali chimodzi chimene anachikonda kuyambira tsiku loyamba. Ndi doko la pa chilumba. Kumbuyo kuli phiri la nkhalango yowirira, nyumba zoyera zingapo zili pamwamba pake. Sitima zamatanga zaima pamadzi. Pa mlatho wamatabwa wolowa m'nyanja pali mzere wa amuna akuda ovala nsalu zoyera, ataima chilili, ndipo kumapeto kwa mzerewo mzungu wakhala pampando, chipewa chili pabondo. Kutsogolo kwa amuna aja kuli matumba.

Mnzathu wina wa ku India, wopukuta magalasi, ndi amene anatiuza za malowo. Anati ndi chilumba cha pakati pa nyanja, kutali ndi kwawo, kumene Angerezi ankakatayako akaidi m'nthawi ya atsamunda, ndipo wowoloka madzi amenewo kawirikawiri sankabwerera. A Chikopa za akaidizo sanazilabadire kwenikweni. Chimene chinkawasangalatsa ndi luso. Ankandikokera pamenepo n'kumandifotokozera za kamera za nthawi imeneyo, chibokosi cha miyendo itatu, wojambula atafunda nsalu yakuda kumutu, chithunzi chikugwidwa pa galasi. Ankati munthu ankayenera kuima osagwedezeka kwa kanthawi ndithu, n'chifukwa chake madzi a m'chithunzicho ali see ngati simenti, mafunde onse anafufutika. Ankati wojambula ameneyo anali katswiri, ndipo akanakumana akanagwirana chanza.

Sabata imene Tadala anayamba za visa, a Chikopa anandipeza ku kantini nthawi ya nkhomaliro. Anali atachijambula chithunzi chija pafoni yawo, ndipo anachikulitsa ndi zala mpaka chinayamba kuchita mbuu.

"Lameki, siya mpungawo. Ukuona chiyani apa?"

"Matumba."

"Anafika bwanji pamenepa?"

"Kaya, madala. Atsitsa m'sitima."

"Matumba otsitsa m'sitima amaunjikidwa mulu. Awa andandalikidwa mzere, kutsogolo kwa mapazi a anthu, kutalika kwake kofanana. Awa anaika ndi munthu wa ntchito yanga."

Anasuntha chala n'kundionetsa kampata pakati pa matumba awiri. Poyamba sindinaone kanthu. Kenako ndinaona phazi lopanda nsapato, ndipo pamwamba pa phazilo panali chitsulo chozungulira mwendo, ndi kachidutswa ka unyolo kolowera kuseri kwa thumba. Miyezi yonse ija ankachiyamikira chithunzicho tsiku ndi tsiku osaona kampata kameneko.

"Mzungu uyu ankatumiza kwawo," anatero. "Kuti akwawo aone kuti kuno zonse zili bwino, anthu ndi aukhondo, aima mwaulemu. Kuti amayi ake agone tulo."

Anaseka, koma kuseka kwake kunandichititsa mantha.

"Ndikanakhala ine, kampata aka ndikanakatseka. Ine ndikumuposa ameneyu."

Lachisanu lotsatira sanapite kunyanja. Anthu anadikira mpaka dzuwa kupendeka, mafoni akungolira. Yohane, dalaivala wa m'chipinda chathu chomwe, anali atalonjeza chibwenzi chake ku Mchinji chithunzi chatsopano, ndipo anabwera atalusa.

"Madala, mwayamba liti kupemphera? Tonse tatenga off chifukwa cha inu!"

"Jekete ili apo, tenga. Koma ine ayi."

Inenso ndinakwiya nawo, ndipo mpaka pano sindikuona kuti ndinalakwa kwenikweni. Ndinawauza kuti amayi anga ku Dedza amadwala mtima, ndipo zithunzi zimenezo ndi mankhwala awo. Ndinati sitinama, timaimadi pamenepo, nsanjazo zilipodi, nyanja ilipodi. Anandiyang'ana, kolala yanga osaikhudza, n'kunena kuti akaidi aja nawonso anaimadi pa doko paja. Tinatha masiku osalankhulana, ndipo katani inakhala yotseka chifukwa analibenso nayo ntchito.

Amene anayamba kulankhula ndi iwo. Linali tsiku lotentha, titangofika kuchokera ku ntchito chakumasana, ndipo ine ndinali nditagona kale. Ndinamva katani ikutsegulidwa, kenako foni yawo inagwera pachifuwa panga.

"Dzuka undijambule."

"Panopa? Jekete ili kuti?"

"Palibe jekete. Pompano, mmene ndililimu."

Anakhala pa bedi lawo la pansi, atavala vesiti yong'ambika pakhwapa ndi buluku la yunifolomu lopinda m'maondo. Mapazi awo ankatupa akaima tsiku lonse, ndipo anali atawaviika m'beseni la madzi amchere monga ankachitira masiku onse. Pamwamba pawo panali chingwe cha zovala zathu zamkati. Pansi pa bedi panali mapoto ndi nsapato. Mwendo wa Yohane unali lende kuchokera pa bedi la pamwamba, mwini wake akuliza mkonono. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala phee.

"Osadula kanthu. Mapazi alowe. Chingwe chilowe. Mwendo wa chitsiru ichi ulowenso."

Koma mmisiri ndi mmisiri. Ndisanadine anati dikira, n'kukankhira beseni pang'ono kumene kunali kuwala. Anasuntha poto mmodzi kuti aoneke bwino. Anatembenuza nkhope kuti dzuwa la pazenera ligwere tsaya limodzi. Sankadziwa n'komwe kuti akuchita zimenezo, manja ankangopita okha. Chithunzicho chinatuluka chokongola moti ine wojambula ndinachita nacho manyazi. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Munthu amene ankadzitama kuti mwana wake sanamuonepo ali wosapesa, tsiku limenelo anadzivula yekha pamaso pa mwanayo. Anatumiza popanda mawu alionse, n'kutuluka kukayenda padzuwa.

Yankho linabwera mawa lake. Ulendo uno sanatsegule mokweza, koma chipinda chathu n'chaching'ono, tonse tinamva. Tadala anayamba ndi kuseka, kenako mawu anasintha.

"Adadi, ine ndakulira m'manja mwanu. Ndikudziwa mmene mumaikira zinthu. Beseni limenelo mwaliika dala, ngakhale kuwalako ndi kwanu. Chipinda chimenecho mwabwereka kwa ndani, kwa ma guard anu? Mpaka kuvala vesiti yong'ambika kuti ine ndisabwere? Ngati muli ndi mkazi kumeneko amene simukufuna ndimuone, ingonenani. Ine si mwana."

Sindinaonepo munthu akukalamba tsiku limodzi ngati mmene anachitira a Chikopa. Anamuimbira pa video kuti amuonetse chipinda chonse, Tadala sanayankhe. Anaimbanso, osayankha. Ine ndinatenga nambala n'kumulembera kuti chemwali, zimene mwaonazo n'zoona, ine ndimagona bedi loyang'anana nawo. Anandiyankha mwaulemu kuti achimwene, ndikudziwa kuti akutumani. Yohane, mkwiyo wake utatha, anajambula khonde ndi bafa n'kutumiza, koma sizinatsegulidwe. Zimenezi zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinamukwiyira mtsikana amene ndinali ndisanamuonepo. Komabe pansi pa mtima ndinkadziwa kuti sanalakwe. Bambo ake anamuphunzitsa okha kuti chithunzi chimakonzedwa, ndipo anaphunzira bwino.

Visa ija inachedwa, monga zimachitira, ndipo a Chikopa anakhala m'chete ameneyo milungu ingapo. Ankadzuka n'kuyang'ana foni, kupita ku ntchito n'kuyang'ana foni. Anapempha kuti asamaikidwenso pa kanjira ka zithunzi kaja, akulu a ntchito n'kuwapatsa geti la kumbuyo, kumene kulibe mthunzi. Tinawauza kuti pa msinkhu wawo n'kudzipha kumeneko. Ankangoti mafi mushikila, palibe vuto, n'kumapita. Mawu a Tadala aja ankawamvetsera mobwerezabwereza, foni ataikanikiza kukhutu, akuyenda pamasitepe. Anamwalira mwanayo asanawalankhule.

Amalawi a kuno tinagwirana manja, thupi linapita kwawo. Amene anali pa maliro anatitumizira zithunzi, ndipo pa bokosi panali chithunzi cha a Chikopa a mu jekete, nsanja zili kumbuyo. Patapita miyezi ndinamva kuti Tadala wafika mu Doha, akugwira ntchito m'nyumba ina kupitirira Al Doha Al Jadeeda. Sindinamufunefune. Ndinalibe mawu oti ndikamuuze, ndipo mkwiyo unali usanathe.

Anandiimbira yekha sabata yatha. Anati madamu ake amupatsa maola ochepa Lachisanu chifukwa wawauza kuti ndi tsiku la bambo ake, ndipo akufuna kuona pamene ankagona. Akazi salowa m'nyumba zogona amuna kuno, choncho ndinapempha anzanga kuti atuluke kaye, ndipo woyang'anira nyumba ndinamunyengerera kuti ayang'ane kumbali. Ndinakamutenga pa siteji chakumasana. Ndi wamtali ngati bambo ake, ndipo amayenda mofulumira ngati iwo. Tinakwera masitepe.

Anaima pakhomo osalowa. Anatulutsa foni, n'kuyang'ana m'fonimo, n'kuyang'ana khoma, n'kuyang'ananso m'fonimo.

"Achimwene, ndi pano?"

"Ndi pano."

"Bedi ndi lomweli?"

"Ndi lomweli, chemwali."

Kenako ananena motsitsa, osati kwa ine, kuti, "Ndinawauza kuti ali ndi mkazi." Foni inayamba kulira m'manja mwake. Anaisiya ilire mpaka inaleka, inayambanso, ndipo anapukuta m'maso n'kuyankha ndi mawu ena, opepuka, akuti yes madam, coming madam. Ndinamuperekeza ku basi, ndipo pokwera anandipempha kuti ndisauze anthu a ku Bangwe kuti ndamuona ataonda.

Pa bedi limenelo pagona anthu awiri chichokereni a Chikopa, wa ku Nepal amene anabwerera kwawo ndi wa ku Kenya amene anasamukira ku kampu ina. Panopa palibe munthu. Matiresi anapindidwa pakati, zitsulo za pansi zili poyera, ndipo chapakati zinapindikira pansi pamene iwo ankakhala akamavula nsapato. Pakhoma pali banga lachikasu la madzi odontha ku makina oziziritsira, ndi msomali wopanda chopachikapo. Anzanga amaponyapo matawulo onyowa, ine n'kumawachotsa. Chibwerere ku basi kuja ndakhala ndikudutsa pamenepo, kupita ku zenera n'kubwerera ku chitseko, ndipo sindikudziwa chimene ndikufuna. A kampani akuti Lamlungu kubwera mnyamata watsopano wochokera ku Lilongwe, ndipo atiuza kuti tiyale matiresiwo.